Ngongole ya Mpweya

Kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi pa Kamwendo m'boma la Mchinji, kuli dambo limene siliphwa msanga. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene dzuwa liswa mtengo, madzi a m'zithaphwi zake amangoti biriwiri ndi ndere. Mayi akabwera kudzatunga madzi othirira mbewu zake kudimba, amayamba wakankhira nderezo pambali ndi chikho, nkhope ili tsinya, kenaka n'kumatunga. Mwana akaterereka pamwala woyanga ndere amadzuka akutukwana mwalawo. Chibadwire changa sindinamvepo munthu akuyamika ndere. Timayamika chimanga, timayamika mvula, timayamika ngakhale mthunzi wa mtengo wa mango. Koma ndere timangoziyesa litsiro la madzi.

Chodabwitsa n'chakuti kumaiko akutali kuli anthu ophunzira kwambiri amene atha zaka zoposa 60 akuweta ndere m'mabotolo, kuziyeza usana ndi usiku ndi kuzisamala monga mayi asamalira khanda. Cholinga chawo n'chakuti tsiku lina munthu akadzanyamuka ulendo wautali wa mumlengalenga, kutali kumene kulibe mpweya, ndere zidzampatse mpweya wopuma ndiponso chakudya. Nkhani imeneyi yandipatsa funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi. Kodi munthu angakhale ndi ngongole kwa chinthu chimene sachiwerengera, mwinanso amanyansidwa nacho? Ngati ngongoleyo ilipo, amaibweza kwa yani, ndipo amaibweza motani?

Tisanayankhe, tiyambe tadziwa ntchito ya ndere. Mukapita kudambo dzuwa lili paliwombo, mukayang'anitsitse ndere zoyandama. Mudzapeza tithovu ting'onoting'ono titakodwa m'kati mwake, ndipo ndi tithovu timeneti timene timaziyandamitsa. M'tithovumo muli mpweya wa okosijeni, womwe magazi athu sangagwire ntchito popanda iwo. Ndere, monga masamba a zomera zonse, zimatenga madzi ndi mpweya umene ife timatulutsa popuma, wotchedwa kaboni dayokisaidi, ndipo mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa zimapanga chakudya chake. Okosijeni ndi chotsalira chabe cha ntchitoyo, monga gaga atsalira pokonola chimanga. Motero chimene ife titaya ndicho chakudya cha ndere, ndipo chimene ndere zitaya ndiwo moyo wathu.

Anthu anachedwa kuzindikira zimenezi. Mu 1771 Joseph Priestley wa ku England anayatsa kandulo m'chibotolo chotseka mpaka inazima yokha. Ataikamo kanthambi ka chomera chamoyo n'kudikira masiku angapo, anapeza kuti kandulo ikutha kuyakanso m'mpweya womwewo. Mu 1779 Jan Ingenhousz wa ku Holland anasonyeza kuti zomera zimakonza mpweya chotere pokhapokha ngati pali kuwala. Lero akatswiri amatiuza kuti poyamba mpweya wozungulira dziko unalibe okosijeni wopumika, ndi kuti tizamoyo tobiriwira ta m'madzi, tomwe ife timangotitcha ndere, ndito tinayamba kuudzaza ndi okosijeni zaka pafupifupi mabiliyoni 2.4 zapitazo, kusanamere mtengo ndi umodzi womwe. Mpaka pano, pafupifupi theka la okosijeni amene amapangidwa padziko chaka ndi chaka amachokera m'nyanja zikuluzikulu, kwa ndere zosaoneka ndi maso. Tsono amene ife timamutcha litsiro ndiye anayamba kutisesera bwalo tisanabwere.

Nanga n'chifukwa chiyani ndere zikufunidwa mumlengalenga? Munthu wamkulu amatha okosijeni wolemera pang'ono kukwana kilogalamu imodzi patsiku, ndipo amatulutsa kaboni dayokisaidi pafupifupi kilogalamu imodzinso. Pansi pano palibe amene amawerengera zimenezi, koma kumwamba kuja kanthu kalikonse kamawerengedwa. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu pali nyumba yotchedwa International Space Station, imene imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, ndipo mwakhala muli anthu mosalekeza kuyambira mu Novembala 2000. M'menemo makina amaphwanya madzi ndi mphamvu ya magetsi kuti apeze okosijeni. Thukuta ndi mkodzo zimasefedwa n'kumwedwanso, ndipo mu 2023 bungwe la NASA linalengeza kuti likutha kupulumutsa magawo 98 pa magawo 100 alionse a madzi. Koma chakudya chimachokerabe pansi pano, pakuti kumeneko n'kufupi ndipo kamba atha kutumizidwa. Ku Mars n'kwina. Ulendo wopita wokha ndi wa miyezi 6 kufikira 9, ndipo kupita, kukhalako ndi kubwerera kungathe zaka pafupifupi 3. Mpweya, madzi ndi kamba wa nthawi yonseyi ndi katundu wolemera kopambana. Wa ulendo wotere ayenera kunyamula munda, osati nkhokwe.

Vuto si kusowa kwa mpweya wabwino kokha ayi, komanso kuchuluka kwa mpweya umene munthu amatulutsa. Mu Epulo 1970 thanki ya okosijeni ya chombo cha Apollo 13 inaphulika chili pa ulendo wa kumwezi. Amuna atatu, Jim Lovell, Jack Swigert ndi Fred Haise, anathawira m'kachipinda kamene kanakonzedwera anthu awiri okha. Posakhalitsa anapezana ndi mdani wina woopsa, ndiye mpweya wotuluka m'mphuno mwawo momwe, umene unayamba kuchuluka m'kachipindamo. Anapulumuka polumikiza zosefera mpweya ndi mapepala olimba, timatumba ta pulasitiki ndi tepi. M'nyumba yotseka munthu amadzipha ndi mpweya wake ngati palibe wina woulandira.

Woulandirayo akatswiri anamupeza mu ndere. Chimanga chimafuna dothi, malo ndi miyezi yambiri, ndipo mbali yake yaikulu ndi mapesi ndi zitsononkho zomwe munthu sadya. Ndere zimachulukana m'masiku ochepa, zilibe muzu kapena phesi, ndipo zimakhutira ndi madzi, manyowa ndi kuwala. Mu Ogasiti 1960 dziko la Soviet Union linatumiza mumlengalenga agalu awiri, Belka ndi Strelka, ndipo m'chombo chomwecho munali ndere zotchedwa Chlorella. M'zaka zotsatira akatswiri a mumzinda wa Krasnoyarsk ku Siberia anamanga zipinda zotseka zotchedwa BIOS, momwe munthu ndi ndere ankapumirana. Anapeza kuti ndere zoyalidwa pamalo ofanana ndi mamita 4 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, zikawalitsidwa ndi nyali zamphamvu, zimakwanira kukonza mpweya wa munthu mmodzi. Malo amenewa ndi a mphasa pafupifupi zitatu basi. Mu 1972 ndi 1973 anayesa kusunga anthu atatu m'chipinda cha BIOS-3 kwa masiku 180. Anaonanso kuti Chlorella ali ndi khungu lolimba lomwe mimba ya munthu siigaya bwino akadya wambiri, choncho pofuna chakudya anabzalamo tirigu ndi ndiwo zamasamba.

Bungwe la maiko a ku Ulaya loona za mumlengalenga linayamba ntchito yotchedwa MELiSSA mu 1989, ndipo chitsanzo chimene linatengera ndi nyanja. Pansi pa nyanja tizilombo timawoletsa zakufa. Tina timasandutsa zowolazo kukhala manyowa. Pamwamba ndere zimadya manyowawo pamodzi ndi kuwala. Ndipo zamoyo zina zimadya ndere. Pa yunivesite ina pafupi ndi mzinda wa Barcelona ku Spain anamanga zigawo zolumikizana ndi mipope motsanzira nyanjayo, ndipo kumeneko makoswe anakhala miyezi ingapo akupuma mpweya wokonzedwa ndi ndere zotchedwa spirulina. Mu Disembala 2017 ndere zomwezi zinatumizidwa ku International Space Station, komwe zinakula n'kutulutsa okosijeni ngakhale kuti kumeneko zinthu zimangolenjekeka popanda kulemera. Ntchitoyi siinathe, pakuti mpaka lero palibe chombo chimene anthu ake amadalira ndere kotheratu. Koma njira yaoneka.

Spirulina ameneyu si mlendo kuno ku Afrika. Pafupi ndi nyanja ya Chad kuli maiwe a madzi okhala ndi soda wambiri, monga chidulo chimene amayi athu amathira m'therere. Kuyambira kalekale amayi a mtundu wa Kanembu amawengula ndere m'maiwewa, n'kuzithira m'timaenje ta mumchenga kuti madzi alowe pansi, ndipo zikauma amazidula zibenthuzibenthu zotchedwa dihé, zomwe amaphikira ndiwo. Cha mu 1964 katswiri wa zomera wa ku Belgium, Jean Léonard, anaziona zikugulitsidwa pamsika, ndipo zitayezedwa zinapezeka kuti magawo pafupifupi 60 pa magawo 100 a kulemera kwake ndi chakudya chomanga thupi. Kumeneku n'kuposa mtedza ndi soya zimene timanyadira kuno ku Mchinji. Chimene katswiri akuchikonzera ulendo wa ku Mars, mayi wa ku Chad anachiphika kale pamafuwa.

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Nyumba yotseka ya mumlengalenga ili ngati kalirole, pakuti imationetsa pafupi zinthu zomwe pansi pano zimabisika chifukwa cha kukula kwa dziko. Ine ndimaonamo zinthu zitatu.

Choyamba n'chakuti kulibe dzala. M'mudzi khomo lililonse lili ndi dzala lake kuseri, ndipo tikaponyako chinthu timati tataya, n'kuiwala. M'chombo mulibe kuseri. Mkodzo wa lero ndi madzi a mawa, ndipo mpweya wotuluka mwa mnzako ndi umene ubwerere kwa iwe utadzera mu ndere. Koma taganizani, kodi dziko lapansi n'losiyana ndi chombo? Kuwala kwa dzuwa kumalowa kuchokera kunja, koma palibe ngolo imene imatibweretsera madzi atsopano kapena mpweya watsopano. Madzi amene mwamwa lero anamwedwapo ndi makolo athu ndi ng'ombe zawo. Utsi wa tchire limene anyamata atentha posaka mbewa sutuluka m'dziko. Umangosamukira kwa anansi. Chimene timati tataya timakhala tangochisuntha. Kusiyana n'kwakuti m'chombo mlandu umazengedwa tsiku lomwelo, pamene pansi pano umadikira ana ndi adzukulu.

Chachiwiri n'chakuti chimene sitichiwerengera ndicho chimatigwetsa. Mu Sepitembala 1991 anthu 8, amuna anayi ndi akazi anayi, anadzitsekera m'chinyumba chagalasi cha maekala atatu chotchedwa Biosphere 2 ku Arizona m'dziko la America. M'katimo munali nkhalango, minda, ziweto ndi kanyanja, ndipo anafuna kukhalamo zaka ziwiri osalandira kanthu kuchokera kunja. Mpweya wamba uli ndi magawo 21 a okosijeni pa magawo 100, koma patatha miyezi 16 m'nyumbamo munatsala magawo pafupifupi 14. Anthuwo ankapuma mwabefu ngati ali paphiri lalitali kuposa Mulanje, mpaka mu Januwale 1993 anachita kuwapopera okosijeni kuchokera kunja. Wakuba mpweyayo anali yani? Tinali tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi lachonde lomwe anathiramo, timene tinkapuma okosijeni mochuluka, pamene simenti ya makoma inkamwa kaboni dayokisaidi yemwe zomera zikanamubweza. Omanga anawerenga mitengo, mbuzi ndi nkhuku, koma anachepetsa tating'ono. Nzeru za munthu zimaona njovu msanga, koma nyumba imagwa ndi chiswe.

Chachitatu n'chokhudza mtima wa munthu. Anthu a mu Biosphere 2 aja anakhala ndi njala nthawi yaitali, ndipo zaka ziwirizo zisanathe anagawikana magulu awiri osamvana, ena mpaka osalankhulana. Komabe anapitiriza kulimira pamodzi ndi kudyera pamodzi, popeza mpweya unali umodzi ndipo munda unali umodzi. Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Nthawi zambiri mwambiwu timaumva ngati langizo la makhalidwe okoma, limene munthu angalitsate kapena kulikana. Nyumba yotseka imasonyeza kuti ndi lamulo la moyo weniweni. Imasonyezanso kuti anzathu amene amatichititsa kukhala anthu si a miyendo iwiri okha. Mfumu ndi wantchito wake, wophunzira ndi wosaphunzira, onse amapuma mpweya umene sanaulime ndipo sanaugule.

Apa wina anganditsutse, ndipo kutsutsa kwake n'kwanzeru. Anganene kuti ngongole imakhalapo pakati pa anthu awiri odziwana, wina wopatsa mwadala ndi wina wolandira. Ndere zilibe maganizo, sizitidziwa, sizitikonda, ndipo sizitulutsa okosijeni pofuna kutikomera mtima. Kuthokoza ndere kuli ngati kuthokoza mwala umene wakhalapo popumula. Ndikuvomera kuti ndere sizidzabwera pakhomo kudzalonjerera ngongole, ndipo sindikuti tizizipembedza. Koma taganizani za chitsime chimene chinakumbidwa ndi munthu amene anamwalira inu musanabadwe. Iye sanakudziweni, ndipo simungathe kumubwezera kanthu. Kodi ndiye kuti muli ndi ufulu wotayiramo galu wakufa? Aliyense adziwa kuti ayi. Chimene munachipeza chili chabwino, osachigwirira ntchito, muyenera kuchisiya chili chabwino. Ngongole ya mtundu umenewu siibwezedwa kwa amene anapatsa, koma kwa amene akubwera m'mbuyo mwathu. Ndere ndi njira chabe imene mphatsoyo imadzera. Eni ngongole ndi ana amene sanabadwe.

Kubweza kwake si kwa mawu, koma kwa kusunga muyeso. Izi alimi a nsomba amazidziwa bwino, ngakhale sanamvepo za Krasnoyarsk. Mlimi woweta makumba ndi chilunguni amathira zitosi za nkhuku kapena ndowe m'damu lake kuti madzi abiriwire, chifukwa kubiriwirako ndi ndere, ndipo ndere ndi chakudya cha nsomba. Alangizi amamuphunzitsa kumiza mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, ndiye kuti ndere zachepa ndipo awonjezere manyowa. Chikasowa mkono usanamire mokwanira, ndere zachuluka ndipo aleke. Chifukwa chake n'chakuti usiku kulibe dzuwa, choncho ndere zimaleka kutulutsa okosijeni n'kuyamba kumupuma monga zamoyo zina zonse. Zikachulukitsa, m'bandakucha mlimi amapeza nsomba zili pamwamba kukamwa yasa, zina zitafa. Chomwecho chimene chimapatsa moyo chimaphanso chikapitirira muyeso. Damu la mlimi ndi chombo chaching'ono, ndipo mkono wake ndiwo chipangizo choyezera.

Dziko lathu lonse lili ndi damu lake lalikulu, ndiyo nyanja ya Malawi. Nyanjayi imazama mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 250 kutsika pansi mulibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Moyo wonse uli pamwamba, pamene kuwala kumafika ndi pamene mphepo imavundula madzi. Chambo chimadya ndere zoyandama, mbuna zimapala ndere za pamiyala, ndipo usipa umadya tizilombo timene tadya ndere. Usipa umene mumagula pamsika wa pa Kamwendo ndi ndere zomwe zasanduka ndiwo. Tsono mtsinje wa Bua umayambira m'boma lathu lino n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje imene mpasa zimakwera kukaswana. Tikadula mitengo m'mapiri ndi kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi ndi feteleza zimakokoloka. Matope amakwirira miyala imene mpasa zimaikirapo mazira ndi kutchinga kuwala m'madzi, ndipo feteleza amasokoneza muyeso wa ndere. Mlimi wa ku Mchinji mwina sanaonepo nyanja, koma khasu lake limafika kumeneko. Iye ndi msodzi wa ku Nkhotakota ali m'chombo chimodzi.

Pali kutsutsa kwina kolemera kuposa koyamba kuja, ndipo kunamveka tsidya la malire athu, ku Zambia. Dziko limenelo linatulutsa mawu awiri pankhani ya mumlengalenga. Mu 1964 mphunzitsi wina, Edward Mukuka Nkoloso, analengeza kuti Azambia nawonso adzapita kumwezi ndi ku Mars, ndipo ambiri anamuseka. Mu 1970 sisitere wina wogwira ntchito m'dzikomo, Mary Jucunda, analembera kalata Ernst Stuhlinger, mmodzi wa akatswiri a NASA, kumufunsa chifukwa chimene ndalama zankhaninkhani zikuthera pa maulendo a ku Mars pamene ana ambiri padziko akufa ndi njala. Mawu awiriwa ali mumtima mwa munthu aliyense woganiza. Ena amati tiyang'ane kumwamba, ena amati tiyang'ane mbale ya mwana.

Funso la sisitereyu sindingalipeputse, chifukwa njala ndinaiona ndi maso. Ndinali m'kalasi mu 2002, pamene njala inagwa m'dziko muno ndipo Mchinji anali mwa maboma amene anavutika koposa. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mabenchi ambiri anali opanda anthu. Ana amene ankabwera ankawodzera dzuwa lisanakwere, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa anagonera gaga kapena zitsa za nthochi, ena osalawa kanthu. Tsiku lina ndinayamba kuphunzitsa za zakudya zomanga thupi, ndipo nditaona maso a anawo choko chinandilemera m'manja. Munthu akanabwera nthawi imeneyo kudzandiuza za ndere zowetedwa m'mabotolo pokonzekera ulendo wa ku Mars, ndikanamuyankha mawu osayenera mphunzitsi.

Stuhlinger anayankha mwaulemu m'kalata ya pa 6 Meyi 1970. Anati kufufuza kumabala zipatso zomwe sizioneka poyamba, natchula makina ozungulira dziko amene angathandize kudziwa za nyengo ndi za mbewu m'minda. Anatumizanso chithunzi cha dziko lapansi chojambulidwa kufupi ndi mwezi mu 1968, chosonyeza dziko lathu lili kampira kakang'ono pakati pa mdima. Yankho lakeli n'loona, koma n'loona theka. Makinawo alipodi, ndipo mu 2023 anatsatira namondwe wa Freddy kwa milungu ingapo asanafike m'dziko muno. Komabe anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Nzeru zinalipo, koma nzeru zilibe miyendo. Sizidziyendera zokha kukafika kwa mayi womanga m'mphepete mwa phiri chifukwa chosowa malo ena. Chimodzimodzinso spirulina. Chakudya chomwe amayi osauka a ku Chad anachisunga kwa mibadwo lero chimagulitsidwa m'timabotolo m'masitolo a m'mizinda ikuluikulu pamtengo umene mwana wonyentchera wa kumudzi sangaufike.

Choncho chigamulo changa ndi ichi. Kufufuza za ndere mumlengalenga si tchimo, ndipo sindiko kunagwetsa njala ya 2002. Njalayo inadza chifukwa mvula inalakwika, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndipo mitengo inakwera kuposa mphamvu za anthu wamba. Ndalama za ulendo wa ku Mars zikanaimitsidwa, palibe chitsimikizo chakuti zikanasanduka ufa m'lichero la mayi wa pa Kamwendo. Tchimo lingakhalepo ngati nzeru zosungira moyo wa anthu anayi kapena asanu m'chombo zingathere m'chombo momwemo. Wophunzira kudyetsa munthu ndi ndere za pamphasa zitatu ali ndi ngongole kwa amene alibe munda. Tchimo lina lingakhale kuganiza kuti popeza tikuphunzira kumanga nyumba zotseka, dziko lino likawonongeka tidzasamuka. Zaka 60 za kuyesa zasonyeza kuti kusunga anthu ochepa okha kwa miyezi yochepa n'kovuta koposa, pamene dziko lapansi likusunga anthu oposa mabiliyoni 8 popanda mpope kapena nyali. Wolephera kusamala nyumba imene anaipeza yomangidwa kale sangadzasamale imene adzamange yekha.

Apa ndi pamene pagona kusiyana pakati pa woyenda mumlengalenga ndi ife. Iye amasamala ndere zake chifukwa chokakamizidwa. Akazinyozera lero, mawa sadzuka. Kusamala kwake ndi nzeru, koma sitingakutche ukoma. Ife palibe chotikakamiza. Tingathe kutentha tchire, kugwetsa nkhalango ndi kudetsa mtsinje, n'kufa ndi ukalamba tisanaone zotsatira zake zonse. N'chifukwa chake kwa ife nkhaniyi ndi ya chikumbumtima. Khalidwe la munthu limadziwika ndi mmene amasungira chinthu chimene palibe angamuimbe nacho mlandu, ndiponso ndi mmene amakumbukirira munthu amene sangathe kudzamulonjerera.

Inu ophunzira, ena mwa inu mudzakhala akatswiri a sayansi, ndipo n'kutheka kuti wina adzakwaniritsa loto la Nkoloso limene anthu analiseka. Pitani, palibe wokuletsani, koma funso la Mary Jucunda mulitengere pamodzi ndi kamba wanu. Ambiri mudzakhala alimi, aphunzitsi, anamwino ndi mafumu a m'midzi, ndipo dambo, mtsinje ndi nkhalango zidzakhala m'manja mwanu. Mayi wa kudambo uja salakwa pokankhira ndere pambali, pakuti akufuna madzi, ndipo nderezo zimabwerera pamalo pake iye asanafike kudimba. Wolakwa ndi amene amaumitsa dambo lonselo n'kumati sanabe kanthu kwa munthu aliyense. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Akatswiri a mumlengalenga achita kumanga zitsime zazing'ono n'kuziona zikuphwa kuti adziwe kuya kwa chimene tili nacho. Ife tisadikire kuti chathu chiphwe. Mpweya umene mwapuma powerenga nkhani ino munaupeza wokonzedwa kale, ndipo pali ena akubwera amene adzaufuna.